Damu likuthawitsa madzi chonsecho munakumba pa makande? Musathamangire kugula pepala

Ikangofika Seputembala kulowa Okutobala funso limakhala lomwelomweli, kaya ndi pa WhatsApp kaya takumana pa Kamwendo tsiku la msika: achimwene, damu langa ndinakumba pa makande enieni oti fosholo imachita kukanirira, nde madzi akupita kuti? Ena amakhala atafunsa kale ku Lilongwe mtengo wa pepala lakuda lija loyala pansi, amva mtengowo mutu wazungulira, nde akufuna ndiwauze kuti basi palibe njira ina. Ine ndimati dikirani kaye. Langa ndi la mamita 40 mulitali, 25 mulifupi, lilibe pepala lilibe simenti, ndipo linandiliza chaka chathunthu lisanayambe kugwira madzi, moti zambiri zomwe ndilembe apazi ndinazidziwa ndalama zitapita kale.

Amene ananditsegula maso ndi agogo anga aakazi, omwe aumba mbiya ndi miphika moyo wawo onse. Anabwera kudimba kudzathyola bonongwe, nkuima pa khoma la damu kumayang'ana zibuma zomwe katapila wa hayala anangounjika, atola chimodzi, achiphwanya m'manja. Akuti, "Iwe, dongoli analiponda ndani?" Ndati agogo ili ndi dongo kale, silifuna kuponda. Anaseka mpaka kutsokomola. "Nde ukatape dongo kudamboko, uliunjike zibumazibuma choncho, uthiremo madzi, uzidzati waumba mtsuko?" Anatola bonongwe wawo nkumapita, ine nditangoti kukamwa yasa.

Nkhani yonse yagona pamenepo. Dongo losaponda ndi mulu wa zibuma basi, madzi amadutsa m'mipata yake ngati mu dengu. Koma musanayambe kuponda paliponse, dziwani kaye kumene madziwo akulowera, chifukwa pali zinthu zingapo zomwe zimaoneka ngati kudontha chonsecho si kudontha.

Yambani ndi ndowa

Tengani ndowa, ikhazikeni pa njerwa m'damumo kumbali kosaya, mudzazemo madzi a m'damu momwemo mpaka alingane ndi akunja. Lembani mzere mkati mwa ndowa, khomani chikhomo m'damu nkulembanso pamene pali madzi. Tsekani kolowera madzi konse, osapopa, osathirira dimba, ng'ombe zisamwe. Pakatha masiku awiri yezani ndi rula ya mwana wa sukulu. Madzi omwe achoka mu ndowa wamwa ndi dzuwa ndi mphepo, amenewo palibe chomwe mungachite. Omwe damu lataya kuposa a mu ndowa ndi amene akuthawira pansi.

Nyengo yotentha ino dzuwa lokha limatha kumwa theka la sentimita pa tsiku kapena kupitirira pang'ono, nde pa mwezi ndi masentimita 15 mwina 20, anthu ambiri amakomoka nazo zimenezi chonsecho damu lawo lilibe mlandu. Koma langa lija mu ndowa munatsika kosakwana sentimita pa tsiku, pa chikhomo masentimita 6. Tawerengerani: damu la masikweya mita 1,000 likatsika sentimita imodzi yokha ndiye kuti apita malita 10,000, zigubu 500 za malita 20. Kuchulukitsa ka 6, tsiku lililonse. Nde ine ndimvekere ndigula pampu ya sola ndizingodzazamo, kutunga madzi ndi lichero kwenikweni.

Chachiwiri chomwe sichifuna ndalama, lisiyeni litsike lokha muone pamene liime, ngati mulibe nsomba kapena mwazisamutsa. Likatsika nkukaima pa levulo ina yake osapitirira, bowo lili pa khoma pa levulo yomweyo, yendani mozungulira mukuyang'ana pa mzere wa madziwo. Likamangotsikabe mpaka pansi ndiye kuti vuto lili pansi pa damu kapena kunsi kwa khoma. M'mawa kwambiri mphepo isanayambe, wazani gaga wosalala kapena phulusa pafupi ndi pomwe mukukayikira, mukaona likukokedwa pang'onopang'ono kulowera ku khoma mwapapeza. Yendaninso kuseri kwa khoma: mu Okutobala udzu onse uli gwa, nde mukapeza kachigawo kobiriwira, kolowa phazi, madzi anu ali pamenepo. Akakhala oyera akungonyowetsa, muli ndi nthawi. Akakhala a matope ndiye kuti akunyamula dothi la mkati mwa khoma, bowolo likukula, tsitsani madzi lero lomwe osadikira Loweruka.

Mwina muli ndi chitsime chachikulu, osati damu

Ichi ndi cha ife a m'madambo, kaya ndi kumbali ya mtsinje wa Bua kaya wa Rusa. Mukakumba m'dambo mu Epulo kapena Meyi madzi amatuluka okha pansi, mumvekere ndapeza kasupe. Nthawi zambiri si kasupe, ndi madzi a pansi pa nthaka omwe aja timatunga m'zitsime za kudimba. Amakwera ndi dzinja, amatsika ndi chilimwe, nde dzenje lanulo likungokuonetsani pamene afika. Kuti mudziwe, khomani chikhomo m'chitsime cha mnzanu wa dimba loyandikana nanu nkumayeza limodzi ndi damu kwa sabata ziwiri. Zikamatsikira limodzi, damu lanu silikudontha mwa ngozi, ndi chitsime basi. Njira yomwe madzi analowera ndi yomwenso akutulukira. Chaka cha 2024 cha El Niño chija madamu ambiri otere anaphwa msanga, anthu nkumaloza anzawo zala kuti awachita chipongwe.

Lotereli kumata pansi nkovuta chifukwa dzinja madzi amakankha kuchokera kunsi nkutukula zomwe mwamatazo. Mwina mulikumbe kwambiri kumbali imodzi kuti nsomba zizikhala ndi pothawira, kapena mungovomera kuti ndi la miyezi isanu ndi umodzi, muziika mbewu ya nsomba mvula ikakhazikika nkukolola madzi asanathe.

Munaboola dongo

Makande a m'dambo si kuti amapita mpaka pansi pa dziko. Malo ena ndi okhuthala mamita awiri, malo ena mukangopitirira chiuno mwafika pa mchenga kapena pa miyala yofumbutuka ija yoyererako, ndipo zimatha kusiyana m'dimba limodzi lomwelo. Wa katapila sazitsata zimenezi, iye akuwerenga maola ake. Kwa ine kumbali yakuya anafukula kamzere ka mchenga kotalika mwina mamita anayi, nkukakwirira ndi matope a madzi oyamba, sindinakaone mpaka nditaphwetsa damu nkumayenda ndi chitsulo chosongola ndikubaya pansi phazi ndi phazi. Pa dongo chitsulo chimalowa movutikira nkutuluka chitamatirira, pa mchenga chimangoti lobwo, chikumveka kukhwekhwereza.

Mukapapeza, palani matope, kumbani mozungulira mpaka mutafika pa dongo labwino mbali zonse, nde mubwezeretse dongo lokhuthala masentimita osachepera 30, osati kamodzi ayi, magawo awiri kapena atatu, gawo lililonse kusinja lisanabwere linzake. Kwa amene simunakumbe, chonde, kumbani kaye maenje asanu, m'makona anayi ndi pakati, akuya kuposa pomwe damu lidzathere ndi theka la mita. Thiranimo madzi m'mawa, onjezerani madzulo, vindikirani ndi masamba, mawa lake mukaone. Ganyu ya masiku awiri imeneyo, ine ndinaiona ngati kutaya nthawi.

Kuponda kwake

Apa nde pofunika kukhazikika. Choyamba ndi chinyezi. Tapani dothi lodzaza dzanja, finyani, liponyeni m'mwamba nkuliwakha. Likamwazika ndi louma kapena lachuluka mchenga. Likatuluka m'mipata ya zala ngati phala lanyowetsa, limenelo mukamasinja limangothawira m'mbali. Lofunika ndi loti mukalipota pakati pa zikhatho lituluke ngati kachingwe konenepa ngati pensulo, nkulipinda ngati chibangili osathyoka. Nchifukwa chake nthawi yabwino ya ntchitoyi ndi mvula ikangosiya, Epulo mpaka Juni, dothi lidakali lofewa. Mu Okutobala makande amakhala ngati njerwa zootcha, mukafuna kugwira nthawi imeneyo muyambe mwaphwanya zibuma, kuwaza madzi madzulo, kuvindikira ndi udzu nkuligoneka usiku, monga timachitira ndi dothi la njerwa.

Chachiwiri ndi magawo. Thirani dothi lokhuthala masentimita 15, osapitirira 20, sinjani ndi chipika chokhomera zogwirira kapena minsi yakale mpaka phazi lisamalowe, palasani pamwamba pang'ono ndi khasu kuti gawo lotsatira ligwirane ndi lapansi, wazani madzi, thirani lina. Aganyu akakhala a kontirakiti amathira mawilibala khumi malo amodzi nkusinja pamwamba pokha, kumaoneka bwinobwino, mkati muli mphako. Khalani pompo, kapena alipireni pa tsiku.

Musanamizidwenso kuti katapila wayendapo nde latsenderedwa. Matcheni ake aja anawapanga dala kuti asamatitimire, amagawa kulemera pa malo aakulu, moti thirakitala ya matayala yokoka ngolo yodzaza dothi imatsendera bwino kuposa iye. Koma pansi pa damu lalikulu palibe choposa ng'ombe. Ine ndinalowetsa madzi ofika m'kakolo, nkubwereka ng'ombe khumi ndi ziwiri kwa malume, timaziponyera mapesi ndi makoko a mtedza m'katimo, anyamata nkumazizungulitsa m'mawa ndi madzulo pafupifupi sabata ziwiri. Ziboda zimabaya nkukanda dongo ngati mmene agogo aja amakandira la mbiya, ndowe zomwe zikugwera momwemo zimatsekanso timipata tating'onoting'ono. Malume anadandaula kuti ng'ombe zawo zabwerako zitaonda, ndinawapepesa ndi thumba la gaga. Pomaliza tinasalaza ndi thabwa lokoka, nkudzaza madzi pang'onopang'ono.

Damu latsopano limamwa ndithu miyezi yoyamba olo mutaponda bwino, dothi lozungulira limayamba lakhuta kaye. Manyowa omwe mumathira kuti madzi abiriwire amathandizanso kumata pansi, nde chaka chachiwiri chimakhala bwino kuposa choyamba.

Kunsi kwa khoma

Ili nde linali bala langa lalikulu. Khoma analiunjika pamwamba pa udzu, dothi lakuda lapamwamba lija la mizumizu osalichotsa, ndi chitsa chimodzi cha mkuyu anangochikwirira momwemo. Udzu ndi mizu zikaola zimasiya njira, madzi nkumadutsa pakati pa nthaka yakale ndi khoma latsopano ngati pansi pa chitseko. Mamangidwe ake enieni, mumapala dothi lapamwamba lonse nkuliika padera, mumazula zitsa, kenako mumakumba ngalande motsata pakati pa pomwe padutse khoma, yotakata theka la mita kapena kuposa, yakuya mpaka italowa mu dongo lolimba, nkuidzaza ndi dongo labwino kwambiri lomwe muli nalo, magawomagawo mosinja. Khoma limakwera kuchokera mu ngalande imeneyo, limakhala ngati lamera mizu.

Ngati linamangidwa kale popanda zimenezi simukuyenera kugumula lonse. Phwetsani damu, kumbani ngalande yomweyo m'tsinde mwa khoma chamkati, m'chigawo chomwe chikunyowa kuseri kuja ndi kuonjezera mamita angapo uku ndi uku, idzazeni mosinja, nde mukwere nalo dongolo pa nkhope ya khoma ngati bulangete. Kumbani pang'onopang'ono, mamita atatu kutseka, mamita atatu kutseka, khoma lingakugwereni.

Simenti musataye ndalama. Ndinamatapo matumba awiri pa bowo, patatha mwezi chigamba chonse chinasiyana ndi dothi, madzi akudutsa m'mbali mwake. Dongo limafufuma nkunyala, simenti sitero, nde sizigwirizana. Dongo limamatidwa ndi dongo linzake. Dothi la pachulu ndi labwino pa zigamba, koma khoma lisadutse pa chulu olo chioneke chakufa, njira za chiswe zimapita kutali.

Ming'alu

Makande eniake ali ndi khalidwe loipa limodzi: akanyowa amafufuma, akauma amang'ambika ming'alu yoti dzanja limalowa mpaka m'chigongono. Pansi pa damu ming'alu yambiri imatsekeka yokha madzi akabwerera, pokhapokha ngati mwalowa mchenga ndi zinyalala. Pa khoma nde poopsa, chifukwa mvula yoyamba ikadzaza damu mwadzidzidzi madzi amalowa mu mng'alu dongo lisanafufume nkuboola mpaka kuseri. Nde mukakolola nsomba musalisiye gwa mwezi wathunthu ati kupha tizilombo, masiku ochepa akwana, ming'alu ikangoyamba kuoneka ngati ya ku chidendene bwezeretsani madzi. Ngati madzi palibe yalani udzu kapena mapesi. Ming'alu ya pa khoma ikumbeni ngati V nkusinjiramo dongo lonyowa, osangothira dothi louma pamwamba. Ndipo ngati pafupi pali katondo, sakanizani kapena kutirani naye kunja kwa khoma, dongo lokhala ndi kamchenga pang'ono siling'ambika ngati makande okhaokha.

Pali dongo lina lachinyengo lomwe limasungunuka m'madzi. Ponyani kachibuma kouma mu tambula ya madzi a mvula osagwedeza. Kakangogumuka madzi ali mbee, lili bwino. Kakatulutsa ngati utsi woyera kuzungulira mpaka madzi onse achita mkaka, limenelo limaboola mphako m'khoma, musalimangire osakambirana ndi alangizi a zansomba ku boma.

Paipi, nkhanu ndi mitengo

Madzi amakonda kutsetsereka motsata kunja kwa paipi ya PVC chifukwa ndi yoterera. Kuseri kukamanyowa pomwe patulukira paipi, fukulani, muiveke kolala yotchinga madzi otsetserekawo pakati pa khoma, kaya ya konkire kaya ya chitsulo cha mgolo chobooledwa pakati nkumata bwino, nde musinje dongo ndi manja ndi kamtengo kuzungulira paipi yonse makamaka kunsi kwake komwe aliyense amachita ulesi.

Nkhanu, mbewa ndi mfuko zimaboola, makamaka khoma likakhala lopyapyala komanso lili m'tchire. Tchetchani udzu kuti muziona maenje, dzenje lililonse likumbeni mpaka pothera nkulitseka. Pa khoma dzalani kapinga basi. Nthochi, nzimbe ndi bulugamu zikhale kutali, ndikudziwa zimakongola pa chithunzi cha pa Facebook koma mizu ikafa imasanduka mapaipi.

Za dzinja mwachidule, chifukwa madamu ambiri kuno samafa ndi kudontha koma ndi mvula ya usiku umodzi mu Januwale kapena Febuluwale. Madzi asadutse pamwamba pa khoma ngakhale kamodzi. Siyani theka la mita pakati pa madzi ndi msonga ya khoma, mukukumbukira kuti khoma latsopano limatitimira pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi. Kumbani potulukira madzi osefukira pa nthaka yosakhudzidwa kumapeto kwa khoma, potakata, podzala kapinga, ndi ngalande kumtunda yopatutsa madzi a m'minda. Khoma likhale lopendekeka, likakwera mita imodzi litambalale mamita awiri kapena atatu chamkati, loimirira ngati la nyumba limagumuka ndi mafunde a mphepo ya mu Julaye ndi Ogasiti, pa damu lalikulu mafundewo si masewera. Ndipo ngati mukutseka kapena kupatutsa mtsinje, lamulo la madzi la 2013 limafuna chilolezo cha bungwe la boma loyang'anira madzi la National Water Resources Authority, kuphatikiza apo kambiranani ndi amfumu ndi anzanu a madimba a kumunsi musanayambe. Ana a m'mudzi nawonso aganizireni, dongo lonyowa limaterera, mita imodzi ndi theka ndi yakuya kwa mwana.

Madzi akakhala a matope osayera, tungani mu botolo muligoneke usiku. Akadikha ndiye kuti pali chikuvundula, mlamba, ziweto kapena madzi a m'minda. Akapanda kudikha ndi dongo losalala lija, manyowa ndi laimu wa kumunda zimathandiza, mlingo wake funsani alangizi malinga ndi kukula kwa damu lanu, makumba ndi chilunguni sizikula bwino m'madzi oti dzuwa sililowa.

Pepala lili ndi malo ake, ngati maenje onse asanu atuluka mchenga ndipo dongo ndi lochita kukatenga ndi ngolo kutali, pamenepo werengerani mtengo wa ziwirizi kapena sakani malo ena. Koma kuyala pepala pa makande chifukwa choti khoma silinapondedwe, ayi, ine sindingakulimbikitseni, ng'ombe imodzi ikalowamo kukamwa madzi ziboda zake zathetsa nkhani.

Langa lija chikhomo chidakali pomwepo, ndinachipaka penti yofiira. Sabata yathayi ndinabwerezanso za ndowa, damu likuposa ndowa ndi mamilimita atatu kapena anayi pa tsiku, amenewo ndawasiya azipita. Chomwe chikundidetsa nkhawa pano ndi kagwafa kamera kuseri kwa khoma chakumadzulo, mbalame zinabweretsa, ana akukana kuti ndisadule ati kayamba maluwa. Ndikakazula mawa m'mamawa iwo ali kusukulu, dongo lotsekera dzenje lake ndaliviika kale.